Madzi Akaphwa, Mmphawi Amtchinjiriza Ndani?

Pa masiku a 11, 12 ndi 13 a mwezi wa Malichi, chaka cha 2023, mvula ya namondwe uja adamutcha Freddy idagwa usana ndi usiku m'maboma a kummwera kwa dziko lino. Phiri la Soche lidagumuka, ndipo matope ndi miyala zidatsikira pa nyumba za anthu a ku Chilobwe. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udakwiririka. Ku Mulanje ndi ku Phalombe mitsinje idasiya njira zake n'kudzera m'midzi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje minda idasanduka nyanja. Akufa pamodzi ndi osowa adapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 adasiya nyumba zao nakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Zonsezi zidadza pamene matenda a kolera, amene adayamba chaka cha 2022, anali asanaleke kupha anthu. Akale sadaname ponena kuti mvula ikakuona litsiro sikata.

Pa masiku oyambawo panalibe wofunsa kuti chabwino n'chiti, pakuti chinali kuonekera chokha. Anansi adakumba matope ndi makasu ndi manja omwe, asilikali adanyamula ovulala, amai adaphikira ana a eni. Boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo lidalamula masiku 14 a maliro. Maiko a Tanzania ndi Zambia adatumiza ndege ndi chakudya, a ku Britain adatumiza akatswiri opulumutsa anthu m'madzi, ndipo mabungwe a United Nations, a Red Cross ndi a Eklezia monga CADECOM adadza ndi ufa, nyemba, mabulangete ndi mahema. Pa zimenezi mtima wa munthu aliyense uyenera kuyamika Mulungu.

Koma funso lovuta liyamba pamene madzi aphwa. Pamenepo ojambula zithunzi abwerera kwao, misasa itsekedwa kuti ana alowenso m'makalasi, katundu ali m'nyumba yosungiramo, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi, ndipo maina a olandira alembedwa ndi munthu winanso. Ngozi yoyamba idadza ndi mphepo ndi mvula, ndipo mphepo palibe angaiimbe mlandu. Koma pali ngozi yachiwiri, yodza mwakachetechete, imene aipanga ndi anthu. Kodi pa nthawi imeneyi udindo wa wolamulira ndi wotani? Kodi chithandizo chochokera kunja n'cha yani: cha wopereka, cha boma, kapena cha iye amene nyumba yake idapita ndi madzi? Mafunso amenewa akambidwa m'misonkhano ya ndale, komatu kwao kwenikweni ndi ku bwalo la chilungamo, ndipo tsiku lina adzafunsidwa pamaso pa Mulungu.

NEHEMIYA NDI LINGA LA YERUSALEMU

Malembo Oyera asimba za munthu amene adakumana ndi mafunso omwewa zaka zoposa 400 Ambuye Yesu asanabadwe. Nehemiya anali Myuda woperekera chikho kwa Aritasasta, mfumu ya ku Persiya. Atamva kuti linga la Yerusalemu lili chigumukire ndi kuti zipata zake zidapsa ndi moto, adapempha mfumu kuti imlole kukamanganso. Mfumu yachilendoyo idampatsa makalata a pa ulendo, mitengo ya m'nkhalango yake, ndi asilikali omperekeza. Chimenechi, m'manenedwe a masiku ano, chinali chithandizo chakunja. Ndipo Nehemiya sadachite nacho manyazi, pakuti wosowa sachimwa akapempha.

Ntchito idayenda, ndipo linga lidatha pa masiku 52. Koma mutu 5 wa buku lake uonetsa zimene zinali kuchitika kuseri kwa linga lomangidwalo. Amuna ndi akazi ao adadza kwa iye ndi madandaulo aakulu. Ena adati adapereka minda ndi nyumba zao ngati chikole kuti apeze tirigu pa nthawi ya njala. Ena adati adakongola ndalama zolipirira msonkho wa mfumu. Ena adati ana ao aakazi anali atatengedwa kale ukapolo chifukwa cha ngongole. Owachita zimenezi anali abale ao eniake, akuluakulu ndi akapitao a mtundu wao, okhala m'kati mwa linga lomwelo. Miyala inali kukwera, anthu ali kutsika.

Nehemiya akadatha kunena kuti linga liyambe latha, za ngongole zidzaoneka pambuyo. Sadatero ai. Adaitanitsa msonkhano waukulu, nadzudzula akuluakuluwo pamaso pa anthu, navomera kuti iye yemwe ndi abale ake adakongozako ndalama ndi tirigu, nalamula kuti minda ndi nyumba zibwezedwe tsiku lomwelo. Kenaka adaitana ansembe kuti akuluakuluwo alumbire pamaso pao. Ndipo pa zaka 12 zimene anali bwanamkubwa, sadalandire chakudya chimene abwanamkubwa akale ankasonkhetsa kwa anthu. Sadagulenso munda ndi umodzi womwe, ngakhale inali nyengo imene mwini ndalama akadatola minda ya osauka pa mtengo wochepa. Anyamata a abwanamkubwa akale ankapondereza anthu. Ake iye adawaika pa ntchito ya linga.

Apa pali phunziro lonse mwachidule. Wolamulira amene amanganso dziko ayenera kuyang'ana mbali ziwiri: ku linga, ndi kwa anthu okhala m'kati mwake. Milatho, misewu ndi zipatala zingathe kumangidwanso zonse, koma anthu eniake n'kutsala osauka kuposa tsiku limene madzi adawapeza.

CHIFUKWA CHAKE MMPHAWI AFUNA MTETEZI

Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti kusiyana kwa mfumu yoona ndi mfumu yankhanza kuli pa chinthu chimodzi: yoyamba ifuna ubwino wa anthu onse, yachiwiri ifuna phindu la iyo yokha. Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum ya chaka cha 1891, adaonjeza kuti ngakhale boma liyenera kusamala nzika zonse, liyenera kuyang'anira makamaka osauka, popeza olemera ali ndi njira zambiri zodzitchinjirizira, pamene osauka alibe pena pothawira. Kuona kwa chiphunzitso chimenechi kuonekera poyera ngozi ikapita.

Mwini chuma nyumba ikamgwera, ali ndi ndalama ku banki, ali ndi mbale m'tauni, adziwa khomo la ofesi ndi dzina la wokhala m'katimo. Mmphawi chuma chake chonse chinali poyera: nkhokwe, mbuzi zitatu, nkhuku, malata a pa denga, ndi chimanga cha m'munda, pakuti Freddy adadza anthu atatsala pang'ono kukolola. Zimene madzi adamsiyira azigulitsa msanga pa mtengo wongotaya. Akongola katapila, apita ku ganyu m'munda wa wina pa nyengo yolima wake, mtsikana wake achoka pa sukulu nakwatiwa asanakhwime, kuti pakhomo achepe odya. Motero chigumula chitatha, chuma chiyamba kuyenda ngati madzi okwera chitunda: chichoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, popanda wothyola chitseko, popandanso woitana apolisi.

N'chifukwa chake nkhani ya Yosefe ku Ejipito iyenera kuwerengedwa yonse. Akatekisi aphunzitsa bwino mutu 41 wa buku la Genesis, m'mene Yosefe adasunga tirigu pa zaka 7 za dzinthu zambiri, napulumutsa mitundu ya anthu. Koma mutu 47 usimba kuti njala itakula, Aejipito adapereka ndalama zao zonse, kenaka zoweta, kenaka minda ndi matupi ao omwe, kotero kuti potha pa njalayo minda yonse, kupatula ya ansembe, inali ya Farao. Anthu adapulumuka, inde, ndipo adathokoza. Koma adalowa m'njalamo ali eni minda, natulukamo ali antchito a mfumu. Kudyetsa anthu ndi ntchito yaikulu. Komabe wolamulira adzafunsidwanso kuti anthuwo adawasiya ali otani.

CHITHANDIZO N'CHA YANI?

Yankho lake ndi lomveka. Thumba la ufa limene munthu wa ku dziko lakutali adapereka chifukwa adamva za mai wa ku Nsanje wotsala ndi ana pa msasa, lasanduka la maiyo kuyambira nthawi imene woperekayo adalitula. Onse amene thumbalo lidzera m'manja mwao pa njira, kaya ndi nduna, bwana DC, kalaliki, woyendetsa lole, nyakwawa kapena wa komiti, ndi amithenga chabe. Wamthenga akatapa m'katundu wa mwini, mlandu wake m'katekisimu ndi umodzi wokha: waphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ndipo katekisimu yemweyo aphunzitsa kuti tchimo la kuba silichoka ndi kulapa kwa pakamwa pokha, wakubayo asanatsimikize mtima kubweza. Aphunzitsanso kuti kupondereza mlendo, mai wamasiye ndi mwana wamasiye kuli m'gulu la machimo aja olira kwa Mulungu kumwamba.

Kuba kumeneku kuli ndi nkhope zitatu. Yoyamba ndi ya ndalama ndi katundu, ndipo siichitika usiku wokha ai. Ichitikanso masana, m'misonkhano ndi m'maulendo, ndi mapepala osainidwa bwino lomwe. M'chaka cha 2021, ofufuza za chuma cha boma atalondola ndalama zokwana K6.2 biliyoni zimene zidaperekedwa kuti zilimbane ndi mliri wa Covid-19, adapeza kuti zina zidathera pa maalawansi ndi pa kugula katundu mosatsata malamulo, ndipo nduna ina idachotsedwa pa mpando. Ndalama za tsoka zikopa anthu osaopa Mulungu, popeza zidza zambiri pa nthawi imodzi, ndipo aliyense ali ndi ponamizira kuti panalibe nthawi yowerengera.

Nkhope yachiwiri siichepetsa ufa ndi chikho chimodzi chomwe, koma ilanda anthu ulemu. Wandale akaima pa lole ya chimanga chimene sadagule, anyamata ake atavala nsalu ya chipani, nauza anthu anjala kuti aombe m'manja ndi kukumbukira dzina lake pa tsiku la chisankho, wasandutsa ngongole kukhala mphatso. Gregory Wamkulu Woyera adaphunzitsa kuti wopatsa osowa zofunika pa moyo ali kungowabwezera zao, ndi kuti ntchito yakeyo ndi ya chilungamo koposa ya chifundo. Ngati zili chomwecho kwa munthu wopereka za m'thumba mwake, nanga kwa wolamulira wogawa za msonkho ndi za alendo? Mai wolandira ufa angathe kuthokoza, pakuti kuthokoza ndi mwambo wabwino. Koma voti yake sinali pa malonda, ndipo mnzake wa chipani china njala yake ndi yomweyo.

Nkhope yachitatu ibisala m'ndandanda wa maina, ndipo nthawi zina wochimwayo sadziwa kuti wachimwa. Pa njala ya 1949, imene okalamba a ku Blantyre adaikumbukira moyo wao wonse, boma la atsamunda lidaitanitsa chimanga kunja n'kuchigawa. Koma m'kagawidwe kake lidaika patsogolo amuna olembedwa ntchito, poganiza kuti mwamuna aliyense adzadyetsa banja lake. Amuna ambiri adachoka pakhomo, ena kukafuna chakudya, ena kubwerera kwao osadzanso, ndipo amene adazunzika koposa anali akazi osiyidwa, ana aang'ono ndi nkhalamba, monga adaonetsera Megan Vaughan polemba mbiri ya njalayi m'chaka cha 1987. Eklezia woyamba naye adagwa m'cholakwa chotere. Mutu 6 wa Ntchito za Atumwi usimba kuti amai amasiye a olankhula Chigriki ankaiwalika pa kugawa chakudya kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sadakane mlandu, sadaopsezenso odandaulawo. Adauza anthu kuti adzisankhire okha amuna 7 a mbiri yabwino oti ayang'anire ntchitoyo. Wolamulira wanzeru tsono sakhutira ndi kutalika kwa mzere wa olandira. Afunsa za amene palibe pa mzerepo: wakhungu, wopuwala, gogo wolera adzukulu, banja limene silidafike pa msasa chifukwa mlatho udaduka, ndi mai amene dzina lake lidafafanizidwa popeza adakana zonyansa zimene wolemba maina adampempha.

PAMASO PA WOPEREKA

Wolamulira aima pakati, ndipo nkhope yake ina iyang'ana kwa alendo. Owerengera adapeza kuti Freddy adaononga zinthu za mtengo woposa madola 500 miliyoni a ku America, ndi kuti kumanganso kudzafuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Dziko losauka silingapeze chuma chotere pa lokha. Kupempha tsono n'koyenera. Ndipo mtsogoleri wobisa njala ya anthu ake chifukwa cha manyazi, kapena poopa kuti ulemu wake uchepa, aika kunyada kwake pamwamba pa moyo wao.

Koma kulandira kuli ndi nzeru zake, ndipo njala ya 2002 idaphunzitsa zimenezi ndi misozi. Bungwe la NFRA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti lisunge chimanga cha dziko, linali ndi matani oposa 160,000, koma lidagula chimangacho ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu. A IMF adalangiza kuti gawo lina ligulitsidwe pofuna kubweza ngongoleyo. Chimene chidachitika n'chakuti pafupifupi chonse chidagulitsidwa, ndipo zokolola za 2001 zitachepa chifukwa cha mvula yoononga, nkhokwe za dziko zidapezeka zopanda kanthu. Mtengo wa chimanga udakwera kangapo. Atsogoleri a mipingo ndi mabungwe ena adachenjeza kuti anthu ali kufa m'midzi. Opereka chithandizo adazengereza, popeza adafuna kuyamba adziwa kumene chimanga chija chidapita. Boma lidalengeza za ngoziyo mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya gaga ndi mizu ya nthochi. Pambuyo pake a boma adaloza chala a IMF, a IMF naloza a boma. Koma amene adalowa m'manda sadakhale nao pa msonkhano uliwonse.

Pamenepa zolakwa zinalipo mbali zonse ziwiri, koma udindo sufanana. Mlangizi wakunja akalakwa akwera ndege. Wolamulira ndiye adalumbira kutumikira anthuwo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye ayenera kumva malangizo, kuwayesa pa muyeso wa mbale ya mmphawi, ndi kuwakana mwaulemu koma molimba mtima ngati aona kuti adzaika anthu pa imfa. Komatu mphamvu yokanira ali nayo ndi amene manja ake ali oyera. Boma limene mabuku ake a ndalama ali obisika lilibe pakamwa pamaso pa alendo. Zimenezi zidaoneka m'chaka cha 2013, pamene kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate kudachititsa maiko othandiza kuimitsa ndalama zao zothandizira bajeti. Mwambi uti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Apa zidatembenuka, pakuti zodya akulu zidapota ana.

Paulo Woyera adadziwa kuti thumba la osauka lifuna mboni. Potolera zopereka za akhristu osowa a ku Yerusalemu m'mipingo ya ku Masedoniya ndi ku Akaya, sadafune kunyamula thumbalo yekha. Monga zionekera m'mutu 8 wa kalata yachiwiri kwa Akorinto, adafuna kuti pakhale mbale wosankhidwa ndi mipingoyo woyenda naye, kuti munthu asapeze pokayikira. Ngati Mtumwi adalola kuwerengeredwa, kalaliki wa boma asakwiye akafunsidwa malisiti.

Opereka naonso ali ndi malamulo ao. Papa John XXIII, m'kalata yake Mater et Magistra ya chaka cha 1961, adachenjeza maiko olemera kuti asasandutse chithandizo kukhala njira yolamulira maiko osauka, pakuti umenewo ukadakhala utsamunda womwe uja wovala malaya atsopano. Adawapemphanso kuti alemekeze chikhalidwe cha anthu amene awathandiza. Papa Pius XI, m'kalata Quadragesimo Anno ya 1931, anali ataphunzitsa kale kuti n'kulakwa kuti bungwe lalikulu lilande ntchito imene laling'ono lingathe kuichita lokha.

Mfundo imeneyi iyankha amene anena kuti, popeza manja a boma akayikitsa, alendo azigawa okha chithandizo chao, boma liime pambali. Maganizo amenewa ali ndi choona chake, pakuti mwana wanjala sangadikire kuti akuluakulu ayambe atembenuka mtima. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'chaka cha 2025 boma la America lidatseka bungwe lake la USAID, limene lidathandiza dziko lino zaka zambiri pa za umoyo, ulimi ndi maphunziro, ndipo ntchito zambiri zidaima mwadzidzidzi. Anthu a ku Makhanga sadamsankhe mlendo, ndipo sangathe kumchotsa. Amene angathe kumuitana ku mlandu ndi phungu wao, khansala wao ndi boma lao. Chithandizo chabwino tsono ndi chimene chisiya mudzi, khonsolo ndi boma zili zolimba kuposa m'mene chidazipezera.

KUKONZEKERA NDI KUNENA ZOONA

Napolo si mlendo m'dziko lino. Adatsika ku Zomba m'chaka cha 1946, ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, chaka chimene boma lidapanga lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Madzi adasefukira koopsa mu 2015. Idai adadza mu 2019. Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ndipo Freddy atapita, chilala cha 2024 chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Chinthu chobwera kawirikawiri chotere sichingatchedwenso chodzidzimutsa. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la za ngozi m'chaka cha 2023. Koma lamulo la pa pepala silitseka madzi, ngati palibe ndalama zoikidwa padera, nkhokwe zodzaza, mitengo m'mapiri ndi anthu ochenjeza midzi pa nthawi yake.

Pali mlandu umodzi wovuta koposa, ndiwo wa kusamutsa anthu. Ambiri okhala m'mbali mwa mapiri a Blantyre ndi m'zigwa za Shire ali pa njira ya madzi. Wolamulira woopa kutaya mavoti akhala chete, nawasiya kuti adikire chigumula china. Wolamulira wouma mtima atuma apolisi kukagwetsa nyumba. Onse awiri alakwa. Palibe munthu amanga pa phompho chifukwa chokonda imfa. Wa ku Soche adamanga pamenepo popeza malo a m'tauni adamkanika mtengo, ndipo ntchito yake ili pafupi. Wa ku chigwa akhala komweko chifukwa dimba lake, nsomba zake ndi manda a makolo ake zili pomwepo. Kumuuza kuti achoke, osampatsa malo okhala ndi madzi akumwa, munda, sukulu ndi chikalata cha umwini, ndiko kumpulumutsa ku madzi n'kumpereka ku njala. Choyenera ndi kumuuza zoona zonse za ngozi imene alimo, kukambirana naye pamodzi ndi mafumu a kumene adzapite, ndi kusunga lonjezo. Lonjezo la nyumba lonenedwa pa maliro ndi ngongole. Anthu adziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo akanamizidwa kawiri, sadzamveranso ngakhale chenjezo loona.

Ena adzati boma ndi losauka, lili ndi ngongole zambiri, silingathe zonsezi. N'zoona, ndipo Mulungu safunsa munthu zimene sadampatse. Koma pali zinthu zosafuna dola ndi imodzi yomwe: kulengeza poyera zimene zalandiridwa ndi kumene zapita; kuwerenga maina a olandira pa bwalo, anthu onse ali kumva; kulanga wakuba ngakhale ali wa chipani cholamula; kuchepetsa maulendo ndi madyerero a akuluakulu pamene anthu agona m'mahema. Nehemiya analibe mphamvu yothetsa njala ya ku Yuda. Adaleka kudya za bwanamkubwa, ndipo chifukwa cha chimenecho mau ake adalemera pamene adauza ena kuti abweze.

ATSOGOLERI ANG'ONOANG'ONO

N'kwapafupi kuwerenga zonsezi maso ali ku Lilongwe. Koma pa tsiku logawa, nduna sikhala pa bwalo. Okhalapo ndi nyakwawa, wa komiti ya m'mudzi, mkulu wa mphakati ndi katekisi, ndipo kawirikawiri cholembera chili m'manja mwa mkhristu. Kwa mai wamasiye, pa tsiku limenelo boma lonse ndi iyeyo. Mayeso ake ndi ang'onoang'ono koma ndi enieni: mlamu wake amene nyumba yake sidagwe, koma aimirira pafupi ali kumyang'ana, wa mpingo wina kapena Msilamu amene nyumba yake idagwadi, kathumba kamodzi kotsalira amene atopa ndi ntchito yogawa. Chithandizo chodzera m'manja mwa Eklezia sichifunsa kalata ya ubatizo, pakuti Msamariya uja sadafunse za mpingo wa munthu amene adampeza pa mseu. Olandira naonso ali ndi chikumbumtima: kulembetsa banja limodzi kawiri, kapena kutchula ana amene kulibe, ndiko kudya nsima ya mnansi.

Akhristu alinso ndi udindo wofunsa. Maepiskopi a dziko lino adaonetsa njira m'kalata yao ya Lenti ya 1992, pamene adanena poyera zimene anthu ankangonong'ona. Kufunsa mwaulemu phungu kapena khansala kuti ndalama za mlatho zidapita kuti, kapena kuti nyumba zolonjezedwa zija zidzamangidwa liti, si chipongwe ai. Ndi ntchito ya chikondi kwa ovutika, ndiponso kwa wolamulira yemweyo, amene ali ndi mzimu woti aupulumutse.

Mneneri Ezekiele, m'mutu 34, adadzudzula abusa a Israele amene ankadzidyetsa okha, osalimbitsa nkhosa zofooka, osamanga zothyoka, osafunafuna zotayika. Ndipo adawachenjeza kuti Mulungu adzawafunsa nkhosazo m'manja mwao. Mitambo idzabweranso kuchokera ku nyanja ya mchere, malole a ufa adzalowanso m'midzi, ndipo maina adzalembedwanso. Akhristu apempherere onse olamulira, kuti Mulungu awapatse mtima wa Nehemiya. Ndipo aliyense amene asunga kaundula wa maina, ngakhale wa mphakati umodzi wokha, auwerengenso bwino, nayang'ane kuti ndani waiwalika.